Loda Si Mlamu Wanu

"Tsika, iwe! Tsika pa thalakitala yanga ndisanakutsitse ndi makofi! Wakuloleza ndani kukhudza katundu wa kopaletivu? Mkamwini wopanda mwambo!"

Amene ankakuwa chonchi ndi a Mcdonald, tcheya wa kopaletivu ya alimi kwathu ku Mkhumba. Anali atangotsika pa njinga yamoto kuchokera ku wekishopu ku boma, kachikwama kakumeneko kakadali m'khosi. Amene ankatchedwa "iwe" pamaso pa khamu la anthu ndi a Goliati, bambo wa imvi, wa zidzukulu zinayi. Zinachitikira m'munda mwa mayi Jalia, Lachinayi masana, mu Okutobala chaka chathachi. Ine Nasiru, wokonza njinga pa Chiringa, ndinalipo, sipanala ili m'thumba. Ndiye zimene ndikulembazi si zotola kwa akabaza ayi.

Koma ndiyambe ndakuuzani kuti Goliati ndi ndani, chifukwa mukapanda kumudziwa muziona ngati ndikungolalata.

Dzina lisakunamizeni. Munthuyu ndi wamfupi, wowonda ngati phesi la chinangwa, moti akakwera njinga mumaona ngati njingayo ikuyenda yokha. Agogo ake anachokera ku Mozambiki wapansi, atasenza khasu ndi mbewu ya kalongonda. Iye anabadwira ku Nazombe, sukulu analekeza Sitandade 4 chifukwa bambo ake ankati cholembera sichipalira. Atakula pang'ono anapita ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Anayamba ndi kuthyola masamba, kenako kutsuka mathalakitala, ndipo potsukapo maso anali pa mapazi ndi manja a madalaivala. Tsiku lina dalaivala atadwala, kapitawo anamuponyera makiyi mwachipongwe. Goliati sanawabwezenso kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anasiyako nsonga ya chala chamkombaphala, pini inadula. Esiteti itachepetsa antchito anabwerera kwa mkazi wake Aliness ku Mkhumba, pachikamwini, monga zikhalira kwathu kuno.

Samwa mowa. Amaimba kwaya ku tchalitchi ndi mawu ngati sowo yodula mtengo wouma, ndipo palibe amalimba mtima kumuuza. Makina akavuta amawalankhula m'Chilomwe, amati Chichewa samamva bwino. Ine ndine Msilamu, iye Mkhristu, koma ndimamuitana achimwene ndipo aliyense womutukwana wandituma kale ndewu.

Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala, mitengo, ndi mchenga wosaneneka. M'mawa umenewo Aliness anakokoloka akuthamangira kumtunda. Amene analumphira m'madzimo ndi a Sulemani, neba wawo, wogulitsa matemba pa njinga, mwamuna wa mayi Jalia. Anamukankhira Aliness pa nthambi ya mango, nthambi inamugwira. A Sulemani madzi anawatenga. Tinawapeza patapita masiku anayi.

Titachoka kumanda Goliati anakakhala pansi pa khonde la mayi Jalia, chipewa m'manja.

"Alamu, mawu ndilibe. Koma munda wanu uja ndiutsegula ine."

Munda umenewo, ekala imodzi yokha, ndiwo unali chuma chonse cha mayiyo ndi ana ake anayi. Mchenga unaukwirira mpaka m'maondo. Dothi lakuda lija, lobereka chimanga ndi nandolo, linali pansi pomwepo koma ngati lili ku Joni. Goliati anatenga fosholo ndi wilibala. M'mawa uliwonse asanapite kumunda kwa mkazi wake ankatapa mawilibala khumi. Chaka chathunthu. Ndinakayeza ndi mapazi anga malo amene anatsegula: mungayalepo mikeka khumi ndi iwiri, basi. Dzinja limenelo mayi Jalia sanadzale. Ankawoloka malire kukalima ganyu ku Mozambiki, kubwera ndi makaka m'kansalu. Aliyense ankadziwa kuti mchengawo ukapanda kuchoka mvula ina isanagwe, banja limenelo lidzagonanso ndi njala chaka chachiwiri.

Ndiye mu Juni chaka chatha bungwe lina lothandiza linatipatsa thalakitala. Kakang'ono, kofiira, kotalika ngati ng'ombe yamphongo, koma ka mphamvu. Za dalaivala sipanali kukangana, wa laisensi anali Goliati yekha dera lonse. Tsiku limene anakalizira koyamba anagwetsa misozi, ngakhale iye amakana, amati unali utsi.

Apa ndiye pamene uchitsiru unalowera, ndipo mumvetsere bwino.

Kalata ya bungwe inali ya Chingelezi. Inatchula zinthu zinayi: thalakitala, pulawo, ngolo, ndi loda. Lole yoyamba inabweretsa zitatu. A Mcdonald, amene amadziyesa mwini Chingelezi kuyambira pa Chiringa mpaka kumalire chifukwa anapondako Folomu 2, anaimirira pamsonkhano, magalasi pamphuno.

"Loda tonse tikumudziwa. Si aja amakweza matumba a nandolo m'malole pa Chiringa? Ndiye bungwe likutiuza kuti tisankhe munthu wathu."

Kunena chilungamo, pa Chiringa mawuwo timawatchula choncho. Palibe anatsutsa. Ngakhale ine ndinagwedeza mutu, ndisaname. Goliati tsikulo kunalibe, anali ndi wilibala yake. Ndiye komiti inasankha. Ndipo mwa amuna onse a misana ngati chitseko amene ali ku Mkhumba, inasankha a Nickson, mchimwene wa akazi a tcheya, munthu amene chinthu cholemera chimene ananyamulapo pamoyo wake ndi nkhomo za bawo. Anawaveka magambuti ndi jekete yonyezimira zimene zinabwera ndi thalakitala. Kuyambira tsikulo dzina la Nickson linafa. Anasanduka a Loda. Ankakhala pa madigadi ngati mkwatibwi, kukweza dzanja kwa amayi a pa mjigo.

Patatha masabata awiri lole yachiwiri inafika. Inatsitsa mikono iwiri yachitsulo, mapaipi a oyilo okulunga m'pulasitiki, ndi chifosholo chachikulu choti munthu wamkulu angagonemo osapinda miyendo. Dalaivala wa lole anati, "Loda yanu ija ndi iyi." Amayi atatu amene ankadutsa ndi zidebe anamva ndi makutu awo.

Munthu wamanyazi akanaseka n'kunena kuti anthu inu, ndinaphonya. Tikanaseka tonse, nkhani ikanathera pomwepo. Kodi alipo sanaphonyepo? Koma kuvomera kunali kuvula mlamu jekete, ndi kuvula Chingelezi chawo pagulu. Ndiye a tcheya anati chimenechi ndi sipeya, chikasungidwe kwawo poopa akuba.

Ndinapitako ndekha kukaona mu Ogasiti, ndipo mpaka lero ndikakumbuka malovu amandiwawa. Chifosholo chinali chagada kuseri kwa khitchini, atathiramo madzi, abakha asanu ndi mmodzi akusambamo. Madzi obiriwira, zitosi mpaka m'milomo. Pa mkono umodzi anamangirirapo mbuzi. Pa unzake anayanikapo makabudula a tcheya, awiri, ena obooka. Chitsulo chimene chinawoloka nyanja kudzachotsa mchenga m'minda ya amasiye!

Pamsonkhano wotsatira Goliati anaimika dzanja, lija lachala choduka.

"Pepani a Tcheya, ndikonzeko pang'ono. Loda si munthu. Loda ndi chitsulo chili kuseri kwa khitchini kwanu chija. Chimamangidwa kutsogolo kwa thalakitala."

"Kutsogolo? Bambo Goliati, munaonapo ng'ombe ikukoka ngolo ndi mphuno? Cha thalakitala chilichonse chimakhala kumbuyo."

Anthu anaseka, aja amaseka tcheya asanamalize n'komwe.

"Sichikoka, bwana. Chimatapa, chimanyamula, chimakhuthula. Ndagwira nacho ntchito zaka zambiri ku esiteti."

"Sukulu munalekeza kalasi yanji?"

"Folo."

"Folo yam'munsi kapena yam'mwamba?"

A Nickson anadzuka, jekete ikuthwanima.

"Ndiye mukufuna kunena kuti ine ndine chitsulo?"

"Ayi a Loda, musadzikweze," ndinatero ine kumbuyo. "Chitsulo chimagwira ntchito."

Ananditulutsa mumsonkhano. Ndinatuluka ndikutukwana, ndipo sindinapepese.

Madzulo ake Goliati anabwera pamthunzi pomwe ndimakonzera njinga, nakhala pa limu yakale, n'kuyamba kujambula pafumbi ndi sipoko. Sanadandaule za chipongwe chija ngakhale kamodzi. Ankangokamba za chitsulo, ngati munthu wokamba za mwana wake ali kundende.

"Nasiru, thalakitala yopanda loda ili ngati munthu wamphamvu womangidwa manja kumbuyo. Kukoka akoka, koma sangatole kanthu. Taona. Ukatsitsa chifosholo pansi chonchi, n'kuyenda pang'onopang'ono, chimameta mchenga ngati lumo, dothi labwino osalikhudza. Kutapa kumodzi ndi mawilibala asanu. Mchengawo ukautaya mu chigwembe chija cha panjira ya kuchigayo, njira yatseguka. Manyowa a m'khola chinyamula. Njerwa chinyamula. Matumba a nandolo chikweza mpaka pamwamba pa lole, msana wa munthu osathyoka. Ukatitimira m'matope umakanikiza chifosholo pansi, thalakitala imadzitukula yokha ngati munthu wodzuka ndi zigongono."

"Nanga pulawo sizingatheke, achimwene?"

"Ndinayesa. Pulawo imangotembenuza. Mchenga wapamwamba upita pansi, wapansi ubwera pamwamba. Ukakolola chiyani, magalasi?"

Zinalidi choncho. Miyezi itatu thalakitala inkalima minda ya kumtunda, ya anthu amene namondwe sanawakhudze, ndipo ya kudambo inangokhala mbuu ngati bwalo la mpira. Tsiku limodzi komiti inati a Loda aonetse ntchito yawo, akweze mchenga wa kwa mayi Jalia mu ngolo. Ndinawerenga. Mafosholo asanu ndi awiri. Kenako anakhala pansi pa mtengo, n'kupempha thobwa kwa namfedwa yemweyo.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa Michesi madzulo alionse. Mayi Jalia anali atasunga mbewu mu botolo lapulasitiki, koma poidzala panalibe. Lolemba tinamva kuti a tcheya apita ku wekishopu ya masiku anayi. Lachiwiri m'mamawa Goliati anaima pakhomo panga.

"Tenga masipanala ako onse."

Akazi a tcheya tinawapeza akusesa. Goliati anavula chipewa, anafotokoza zonse mwaulemu, sanabise kanthu.

"Ine za zitsulo sindizidziwa, bambo Goliati," anatero mayiwo. "Koma abakha angawa azisamba kuti?"

Aliness, amene anatiperekeza, anathamangira kunyumba, anabwera ndi beseni lake lochapira, lokhalo limene ali nalo. Umu ndi momwe loda ya kopaletivu inaomboledwera: ndi beseni.

Tinakhuthula madzi aja, fungo lake ndinasanza. Goliati anachitsuka chifosholocho ndi sopo ndi mchenga, mkati ndi kunja, akuti sangalowe nacho m'munda mwa a Sulemani chili ndi zitosi. Kenako tinayamba kumanga. Iye ankadziwa bauti iliyonse pomwe ikhala, ngakhale buku lake mbuzi inali itadya theka. Pini imodzi inakana. Anailankhula m'Chilomwe motsitsa, anaimenya kamodzi, inalowa. Dzuwa lili pamutu analumikiza mapaipi, anakwera, analiza injini, anakoka kachitsulo ka kudzanja lamanja.

Chifosholo chinanyamuka. Abale anga, chinanyamuka! Amayi a pa mjigo anasiya zidebe n'kuyamba nthungululu.

Zimene ndinaona m'munda mwa mayi Jalia masiku awiri amenewo sindidzaiwala. Kamunthu kowonda kaja pa mpando kanasanduka kena. Kutsitsa, kumeta, kunyamula, kubwerera, kukakhuthula mu chigwembe, kubweranso. Osathamanga, osagwedeza. Akamayenda ndi katundu chifosholo ankachisunga m'munsi, pafupi ndi nthaka. Dzuwa lisanalowe tsiku loyamba anali atapitirira kale malo aja anatsegula chaka chathunthu ndi wilibala. Dothi lakuda linatuluka. Mayi Jalia anagwada, anatapa m'manja, n'kununkhiza. Eni minda yoyandikana anayamba kukangana kuti wotsatira ndani. Chigwembe cha panjira ya kuchigayo chinadzaza, njinga zinayamba kudutsa osatsika.

A Nickson anaima patali tsiku lonse la Lachitatu, manja m'thumba. Ana ankawafunsa kuti, "A Loda, nanga uyo ndi mng'ono wanu?" Madzulo a Nickson anaimbira foni alamu awo ku boma.

Ndiye Lachinayi masana, theka la munda litayera, theka lisanakhudzidwe, ndi pamene njinga yamoto ija inafika ndi mawu aja ndayamba nawo.

Chifosholo chinali m'mwamba, chodzaza. Goliati anachitsitsa kaye mpaka chinakhala pansi bwinobwino, anazimitsa injini, n'kutsika.

"A Tcheya, kulakwa ndalakwa, sindinakudikireni. Mundilange mmene mufunira. Koma ndipatseni masiku awiri okha ndimalize mundawu. Mvula ili pakhomo."

"Masiku awiri? Ngakhale mphindi! Waba sipeya kunyumba kwanga, wanyoza komiti, walanda ntchito ya munthu wosankhidwa ndi msonkhano. Makiyi!"

Mayi Jalia anayandikira, anagwada pamchenga wotentha uja.

"Bambo, chonde. Onani dothi latuluka. Ana anga..."

"Mayi, nkhani za komiti sizikambidwa m'munda. Mulembe kalata."

Apa ine mutu unazungulira. Zimene ndinanena sindingazilembe zonse, ena mwa owerenga ndi apongozi anga. Ndinawauza za makabudula awo. Ndinawauza kuti Chingelezi chawo n'chofanana ndi madzi a abakha aja. Amuna atatu anandigwira, sipanala anandilanda. Koma amuna omwewo, eni minda yokwiririka, palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa kutsutsa tcheya. Ankaopa kufufutidwa pa mndandanda wa mbewu. Zimenezi ndi zimene zimandinyansa koposa, kuposa tcheya amene.

Goliati anapukuta makiyi pa malaya, anawapereka ndi manja awiri.

"Chimodzi chokha, bwana. Amene ayendetse asayende chifosholo chili m'mwamba ndi katundu. Kathalakitalaka n'kopepuka, kagwa."

"Usatiphunzitse ntchito."

Makiyi anapita kwa a Nickson pomwepo, pamaso pathu, akuti poti loda ndi iwo, chitsulo cha loda n'chawonso. Ndiye kuti tsopano avomera kuti chitsulocho ndi loda! Koma palibe anafunsa.

Loweruka m'mawa a Nickson anafuna kuonetsa mudzi. Anatapa mchenga, osati kwa mayi Jalia ayi, koma wokamangira khonde la alamu awo. Anakweza chifosholo mpaka kumwamba kuti aliyense aone, n'kudutsa cham'mbali pa mtsetse wa kumtsinje. Tayala limodzi linakwera chulu. Kathalakitala kanapendekeka pang'onopang'ono ngati munthu woledzera, n'kugona chammbali m'ngalande. Iwo analumpha, anangosupuka chigongono, Mulungu ndi wachifundo ngakhale kwa zitsiru. Koma mkono umodzi wa loda unapindika, mapaipi anaphulika, oyilo anayenderera m'madzi omwe amayi amachapira.

Amene anatsogolera anthu kukaidzutsa ndi zingwe ndi ng'ombe zinayi ndi Goliati yemweyo. Palibe anamutuma. Ndinamukalipira.

"Achimwene, mukuvutikiranji? Asiyeni adzutse ndi Chingelezi!"

"Thalakitala sinandilakwire, Nasiru."

Mvula inagwa patatha masiku asanu ndi anayi. Mayi Jalia anadzala theka lija, ndipo pamene ndikulemba pano chimanga chili m'chiuno, chobiriwira bii. Mukaima pakati pa munda, kudzanja lamanja kuli chimanga, kumanzere kuli mchenga woyera osamera ngakhale chisoso. Theka la ekala silidyetsa anthu asanu mpaka dzinja lina. Pofika Okutobala mayiwo adzakhala akuwolokanso malire. Thalakitala ili pakhomo pa a tcheya ataifunditsa lona, nkhuku zikuikira mazira pampando. Goliati anabwerera ku fosholo. Msana wayamba kumuvuta, akamaweramuka amagwira m'chiuno, koma m'mawa uliwonse mumupeza kumeneko.

Ndikanatha kungomeza zonsezi, monga timamezera zambiri kuno. Koma sabata yatha mlembi wa komiti, a Jonathan, chikumbumtima chitawavuta, anandionetsa lipoti limene a tcheya atumiza ku bungwe lija. Alembamo kuti thalakitala inawonongeka chifukwa dalaivala wakale, Goliati, anamangirirapo chitsulo popanda chilolezo ndiponso mosadziwa. Dzina la Nickson mulibemo. Ndipo akuti anthu a bungwe akubwera Lachisanu likudzali kudzaona, ndiye mamembala onse auzidwa kuti akavale bwino, akaimbe nyimbo yolandirira alendo, ndipo akafunsidwa akanene zomwezo.

Ine sindikaimba. Ndikaima kutsogolo penipeni ndi ovolosi yanga ya girisi, ndipo alendowo ndikawatenga pamanja mpaka m'munda mwa mayi Jalia, akaime pamalire a chimanga ndi mchenga. Inu eni minda amene munandigwira tsiku lija, mubwere, ndipo nthawi ino mugwire pakamwa panu pokha ngati mukuopa, manja anga muwasiye.

Ndipo inu a Mcdonald, musadwale Lachisanu, musapite ku maliro a kutali, musatume a Jonathan. Mukaime pamchenga pomwepo, pamaso pa mayi Jalia ndi ana a Sulemani, mukatiuze ndi pakamwa panu, m'Chichewa chomveka: anagwetsa thalakitala ndani, ndipo theka la mundalo alidyetsa ndani chaka chino? Tikufuna yankho, bambo. Muyankhe!